Navigatori ndi Soldati: mitundu iwiri ya sitima zankhondo za ku Italy

Sitima 12 za mtundu wa Navigatori, zomwe zidamalizidwa pakati pa 1929 ndi 1931, zidali ndi mizinga isanu ndi umodzi ya mamilimita 120. Zambiri za mtundu wa Soldati, zoyamba kutuluka mu 1938, zidali ndi inayi yokha. Komatu Navigatori zinkapendekeka pamafunde, mpaka zambiri adachita kuzikulitsa m'mbali.

Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse, zonse zinkaperekeza sitima za katundu kupita ku Libya. Mu 1941, Luca Tarigo, ya Navigatori, idamiza HMS Mohawk, sitima yankhondo ya ku Britain, iyonso ikumira. Pa Navigatori zonse, idapulumuka nkhondoyo ndi Nicoloso da Recco yokha. Pa Soldati 17 zidatsala 7, ndipo ine ndingakwere ya mtundu umenewu, ngakhale imodzi mwa izo, Lanciere, idamizidwa ndi namondwe chabe mu 1942.