Mnyamata wa pakauntala anatsala pang'ono kundifufutira zonse

Ndapereka nyenyezi zitatu kwa shopu yokonza makompyuta imene ndinapitako, ndipo zonsezo ndi za bambo achikulire amene amakhala m'chipinda cha kumbuyo. Mnyamata wa pakauntala sindikumupatsa ngakhale imodzi.

Kompyuta yanga ndi ya Windows 98. Disiki yake inapanikizidwa kalekale ndi DriveSpace 3, pulogalamu yochepetsa malo amene mafayilo amatenga, ndipo ndimaisungabe chifukwa pulogalamu ya maakaunti imene ili mmenemo imakana pa makina atsopano. Ndinangofuna kuti aipange defrag, ndiko kusonkhanitsa tizidutswa ta mafayilo tomwazikana pa disiki, popeza kunyumba inkangofika pa 10% n'kuyambiranso.

Mnyamatayo atatsegula drive H, dzina limene DriveSpace imapatsa disiki yeniyeniyo, anaona fayilo yobisika, DRVSPACE.000, yodzaza pafupifupi disiki yonse. "Bambo, vuto lanu ndi ili. Ichi ndi chinyalala, mwinanso ndi vairasi." Pamene amalankhula choncho n'kuti chala chili kale pa Delete. Nditamuuza kuti asiye anandiseka, ati zinthu zakalezi iye amazidziwa bwino. Anthuni, fayilo imeneyo ndiyo drive C yonse! DriveSpace imalongedza Windows, mapulogalamu ndi zolemba zanu zonse mu fayilo imodziyo, ndipo C imene mumaiona ndi khomo chabe lolowera mmenemo. Mukaifufuta, palibe chotsala. Mpaka lero ndikakumbukira kuseka kuja mtima umandiwawa.

Phokoso lathu ndi limene linawatulutsa bambo aja. Anangoyang'ana pa sikirini n'kunena kuti, "Iwe, chotsa dzanja pamenepo." Anayamba akopera fayiloyo pa disiki ina, kenako analowa mu Safe Mode, mmene Windows imayatsa zofunika zokhazokha, kuyendetsa ScanDisk yofufuza zolakwika pa disiki, n'kuzimitsa screen saver. Anandifotokozera modekha kuti Defrag imayambiranso nthawi zonse pulogalamu ina ikalemba kanthu pa disiki, n'chifukwa chake kunyumba inkakanika. Anaisiya ikuyenda usiku wonse, m'mawa inali itamaliza.

Apa mkwiyo unayamba kutsika, chifukwa bambowa sanandinamize. Anandiuziratu kuti ndisayembekezere liwiro lalikulu, phindu lenileni n'lakuti malo opanda kanthu asonkhana pamodzi. Anandichenjezanso kuti malo otsala amene Windows imaonetsa pa disiki yotere ndi ongoyerekeza. Zithunzi za JPEG ndi mafayilo a ZIP ndi zopanikizidwa kale, ndiye zimadzaza disiki msanga kuposa mmene nambalayo ikunenera. Ndipo ndisalole munthu kuisinthira ku FAT32, njira ina yosanjira mafayilo pa disiki, chifukwa DriveSpace 3 sigwira ntchito pamenepo, komanso malire a DriveSpace 3 ndi 2 GB basi.

Mtengo unali wa nthawi zonse, sanawonjezere kanthu ngakhale kompyuta inagona komweko. Koma mawu oti pepani kuchokera kwa mnyamata uja sindinawamve, anangokhala duu akuseweretsa foni. Mukapitako ndi kompyuta yakale yokhala ndi drive H, funsani bambo achikulirewo. Akakuuzani kuti atuluka, bwererani nayo kunyumba.