Banki mkhonde ndi yothandiza, koma ili ndi malire ake

Mwa njira zonse zachitukuko zimene zafika m'midzi yathu, banki mkhonde ndi imene eni ake amaiyendetsa okha kuyambira tsiku loyamba mpaka tsiku logawana ndalama, ndipo monga membala wa gulu lina kuno ku Dedza ndikuona kuti ndi yoyenera kuiyamikira, ngakhale ili ndi zofooka zimene ambiri sakonda kuzitchula. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo kuno kwathu inagwirizana bwino ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu imene boma linakhazikitsa mu 1998. Kusiyana kwake n'kwakuti komiti ya chitukuko cha m'mudzi imalemba zofuna za anthu n'kudikira ndalama za kukhonsolo, pamene mu banki mkhonde ndalama zimachokera m'matumba mwa mamembala ndipo palibe wakunja amene amalamula kagwiritsidwe ntchito kake.

Chimene chimandikhutiritsa kwambiri ndi kuonekera poyera kwa zonse. Bokosi lathu lili ndi maloko atatu, makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, ndipo msungichuma amene amagona nalo m'nyumba alibe kiyi ngakhale imodzi. Sabata iliyonse membala amagula masheya osapitirira asanu, mlembi amadinda m'kabuku kake, kenaka owerenga ndalama amaziyala m'mbale n'kuziwerenga mokweza kuti ngakhale mayi amene sadziwa kulemba amve chimene chalowa. Ngongole imaperekedwa pomwepo popanda mafomu kapena ulendo wa kuboma, ndipo munthu angathe kukongola mpaka katatu kuposa zimene wasunga. Palinso thumba la zadzidzidzi lothandiza pa matenda ndi maliro, limene anthu amalipeputsa kufikira tsiku limene vuto lagwa pakhomo pawo. Amayi ogulitsa mandasi, tomato ndi kachewere apeza mpamba mwa njira imeneyi, ndipo mabanja angapo akhoma malata kapena kulipira fizi popanda kupita kwa akatapila.

Komabe chiwongoladzanja n'chokwera. Gulu lathu limalipiritsa 20 kwacha pa 100 kwacha iliyonse pamwezi, ndipo ngakhale phindu limabwerera kwa mamembala pogawana, amene amapindula kwambiri ndi amene ali ndi masheya ambiri, pamene wolipira kwambiri ndi wosauka amene amakongola kawirikawiri. Choipitsitsa ndi chizolowezi cha magulu ena chokakamiza membala aliyense kukongola kuti ndalama zisagone m'bokosi, ngakhale munthuyo alibe geni yoti achite. Wotere amadya ndalamazo, amalowa gulu lachiwiri kuti abweze ngongole ya gulu loyamba, ndipo mapeto ake anzake omwe amapemphera nawo limodzi amabwera kudzamulanda mbuzi kapena ziwiya za m'nyumba.

Vuto lina silichokera m'mudzi. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, magulu ambiri anali atatsala pang'ono kugawana, ndipo ndalama zimene anthu anasonkha chaka chonse poganizira feteleza zinagula matumba ochepa kuposa mmene ankayembekezera. Ndiponso ngongole zake n'zazing'ono ndi zobweza msanga, choncho siziyenerera mlimi wa chimanga amene adzaona ndalama pokhapokha atakolola, ndipo sizingagule pampu ya mthirira kapena chigayo.

Amene akufuna kulowa gulu ayambe wapempha kuti amuwerengere malamulo ake, afunse ngati kukongola n'kokakamiza, ndipo adziwe komwe ndalama zimasungidwa miyezi yomaliza pamene bokosi ladzaza, chifukwa magulu osamala amazisungitsa kubanki kapena pa Airtel Money ndi Mpamba kuopa akuba. Gulu limene silingayankhe mafunso amenewa momveka ndi bwino kulisiya n'kufunafuna lina.