Quarterback wothamanga kapena woima n'kuponya: timu ya ku koleji imapindula ndi uti?

Pakati pa ochemerera mpira wa ku America wa m'makoleji, mkangano wa quarterback, wosewera amene amatsogolera kuukira poponya kapena kupereka mpira, sutha. Ena amafuna mnyamata waliwiro amene akasowa womuponyera amakumbatira mpira n'kudzithamangira. Ena amati ntchito yake ndi kuima kumbuyo kwa amuna asanu omutchinjiriza, kuona momwe adani aimira, n'kuponya mpira pamalo pake. Onsewa ali ndi zikho zoti aloze. Chimene chimagamula ndi osewera 10 amene ali naye m'bwalo, komanso momwe malamulo amatetezera aliyense wa awiriwa.

Ubwino wa wothamanga umayambira pa chiwerengero. Mbali iliyonse ili ndi osewera 11. Quarterback akapereka mpira kwa running back, amene ntchito yake ndi kuthamanga ndi mpira, n'kuima kuonerera, otchinga amatsala 9 pamene ofuna kugwetsa ali 11. Koma ngati naye amaopsa pothamanga, mphunzitsi amasiya dala defensive end mmodzi, mdani woima kumapeto kwa mzere wakutsogolo, osamutchinga. Quarterback amayang'ana munthu ameneyo: akalowerera mkati kutsata running back, iye amasolola mpira n'kudzera kunja; akaima kumudikira, mpira amausiyira running back. Imeneyi ndiyo zone read, ndipo mdani mmodzi amakhala wachotsedwa popanda womukhudza. Ku koleji zimayenda bwino kuposa ku NFL, ligi ya akatswiri, chifukwa mizere ya hash, imene amaikapo mpira poyamba kusewera, ndi yotalikirana mafiti 40, pamene ku NFL ndi mafiti 18 ndi theka. Mpira ukaikidwa pa hash imodzi, mbali inayo imatsala ndi malo aakulu oti waliwiro adyerere.

Cam Newton anaonetsa pamene njira imeneyi ingafike. Mu 2010 ku Auburn anaponya ma touchdown (zigoli zofikitsa mpira kumapeto kwa bwalo) 30, anathamangira ena 20, ndipo timu yake inatenga chikho itagonjetsa Oregon 22-19. Lamar Jackson mu 2016 ku Louisville anathamanga mayadi 1,571 n'kulandira Heisman, mphotho ya wosewera woposa onse ku koleji, koma timuyo inagonja masewero atatu omaliza. Houston inamugwetsa ka 11 asanaponye mpira m'masewero amodzi okha. Miyendo imabisa kufooka kwa mzere wotchinjiriza mukamasewera ndi matimu apakati. Mukakumana ndi amene ali ndi anthu othamanga ngati iyeyo m'mphepete, chibwana chonse chimaonekera.

Woima n'kuponya amafuna zambiri kuti ntchito iyambe. Amafunika masekondi awiri ndi theka kapena atatu asanamufike, ndi olandira mpira amene angathe kumuthawa womulonda mmodzi. Zikapezeka zimenezi palibe womuletsa. Joe Burrow mu 2019 ku LSU anaponya mayadi 5,671 ndi ma touchdown 60, adani anamulanda mpira m'mwamba ka 6 kokha, ndipo timu inapambana masewero onse 15. Chaka chotsatira Mac Jones ku Alabama anaponya ma touchdown 41 n'kugonjetsa Ohio State 52-24 mu fainolo. Amene amatchula maina awiriwa asamaiwale kuti Burrow ankaponyera Ja'Marr Chase ndi Justin Jefferson, Jones ankaponyera DeVonta Smith, ndipo mizere yawo yotchinjiriza inalandira Joe Moore Award, mphotho ya mzere wotchinjiriza wabwino koposa, zaka zimenezo. Quarterback wamtunduwu mukamuika kumbuyo kwa left tackle, wotchinjiriza wa kumapeto kumanzere, amene amadutsidwa, third down (mpata wachitatu mwa inayi yoti timu ipite mayadi 10) iliyonse imakhala ya mayadi 12 ndipo masapota amayamba kutukwana munthu wosalakwa.

Poyerekeza manambala samalani chinthu chimodzi. Ku koleji mayadi otayika pa sack, kugwetsedwa asanaponye mpira, amachotsedwa pa mayadi othamanga a quarterback, pamene ku NFL sawakhudza. Mukaona kuti wina wathamanga mayadi 20 okha, mwina anathamanga 65 n'kutaya 45 pogwetsedwa.

Kwa oyimbira masewero ndi kumene kusiyana kuli kwakukulu, ndipo madandaulo ambiri a Loweruka usiku amachokera posadziwa mbali imeneyi. Amene akuponya mpira malamulo amamutenga ngati munthu wosatha kudziteteza. Kumugunda mochedwa ndi chilango cha mayadi 15 ndi first down (mipata inayi yatsopano) yaulere. Akangodutsa mzere umene mpira unayambira ali ndi mpira, wasanduka wothamanga ngati wina aliyense ndipo amagundidwa ngati running back. Chitetezo chimabwerera akatsetsereka miyendo patsogolo, koma mpira umaikidwa pamene anayambira kutsetsereka, osati pamene waimira. Ndiye mumva bwalo lonse likukuwa kuti first down yabedwa, pamene woyimbira wachita zolondola. Kunamizira kutsetsereka nakonso kunatsekedwa: Kenny Pickett wa Pittsburgh anachita zimenezi pa fainolo ya ACC, imodzi mwa maligi a makoleji, mu 2021 n'kuthamanga mayadi 58 mpaka touchdown, ndipo patangopita masiku ochepa lamulo linasintha kuti mpira uzifera pomwepo.

Targeting, mlandu wogunda mnzako kumutu kapena ndi nsonga ya chisoti, imakhudza onse awiri, koma imabuka kwambiri pamene wothamanga watsetsereka mochedwa mdani atawerama kale. Chilango ndi mayadi 15 ndi kutulutsidwa. Mu 2025 lamulo linali lakuti zikachitika chigawo chachiwiri, wosewerayo sankaloledwanso chigawo choyamba cha masewero otsatira. Apa ochemerera akadandaula ndimawamvetsa, chifukwa nthawi zina wogundayo amakhala alibe mpata wosintha.

Malamulo awiri ena amakokera kwa wothamanga. Pass interference, mlandu wolepheretsa munthu kulandira mpira usanamufike, ku koleji sipitirira mayadi 15, choncho cornerback, wolonda olandira mpira, amene wasiyidwa pa mpira wa mayadi 45 amangogwira jezi n'kulipira zochepa. Mphotho ya woponya patali imachepa pamenepo. Komanso otchinjiriza amaloledwa kupita mayadi atatu kutsogolo mpira usanaponyedwe, pamene ku NFL ndi yadi imodzi. N'chifukwa chake RPO, pamene quarterback amasankha kupereka, kuthamanga kapena kuponya ataona linebacker, mdani woima kumbuyo kwa mzere wakutsogolo, inakula kwambiri ku koleji. Vuto limabwera akachedwa kusankha ndi sekondi imodzi: guard, mmodzi mwa otchinjiriza, amakhala wafika mayadi asanu, woyimbira amagwetsa mbendera ya chilango, ndipo phindu lonse lafufutika.

Mtengo weniweni wa wothamanga ndi thupi lake. Mu November 2023 Jordan Travis wa Florida State anavulala mwendo kwambiri akuthamanga ndi mpira polimbana ndi North Alabama. Timuyo inafika pa 13-0, koma komiti yosankha inaisiya kunja kwa matimu anayi a playoff, mpikisano wolimbirana chikho, ponena kuti popanda iye sinalinso timu yomweyo. Mu 2024 playoff inakula kufika matimu 12, ndipo Ohio State inasewera masewero 16 kuti itenge chikho. Munthu wogundidwa ka 15 sabata iliyonse n'kovuta kufika January ali bwino.

Timu yapakati, imene mzere wake wotchinjiriza ndi wosadalirika, isankhe wothamanga, ndipo ndikunena izi mosakayika. Koma ikhale ndi wachiwiri wamaseweredwe ofanana, kuti akavulala asasinthe dongosolo lonse pakati pa chaka, ndipo kuthamanga kochita kukonza akusungire third down yaifupi ndi mayadi 20 omaliza. Timu imene ili ndi ma tackle awiri olimba ndi olandira mpira othamanga ipeze woponya molondola, miyendo yake ingokwanira kuthawa sack imodzi kapena ziwiri. Ndipo musanadzudzule quarterback aliyense, onani kaye mapointi amene timu ikulola. Jayden Daniels wa LSU mu 2023 ankatha zonse ziwiri, ma touchdown 40 oponya ndi mayadi 1,134 othamanga, koma LSU inagoletsa mapointi 49 kwa Ole Miss n'kugonjabe 55-49.