Situdiyo ya pa Dedza boma: gitala imatuluka bwino, dzina la wopeka ndiye limasowa

Kwa oyimba nyimbo zachikondi a ku Linthipe, Lobi ngakhale Lizulu, situdiyo yaing'ono ya pa boma pano ndi yapafupi kusiyana n'kukwera basi ya ku Lilongwe. Pa kajambulidwe sitikuwadandaula. Wojambula amaika maikolofoni masentimita 20 mpaka 30 kuchoka pomwe khosi la gitala likumana ndi thupi lake, osati pabowo penipeni pomwe mawu amatuluka ngati ali mumgolo. Gitala amaijambula payokha, mawu a woyimba pambuyo. Mubwere ndi nsambo zatsopano zoti mwazimanga dzana, chifukwa zomanga tsiku lomwelo zimakhwefuka, ndipo kuzizira kwa June ndi July kuno kumafuna muzichuna gitala musanayambe gawo lililonse. Magetsi akathima ntchito imaima, alibe jenereta.

Vuto lagona pa umwini wa nyimbo. Sakupatsani pepala lililonse lonena kuti mawu walemba ndani, maimbidwe wapeka ndani, gitala yotsogolera waimba ndani. Nyimbo ikatuluka pa MP3, pamalo pa dzina la wopeka pamakhala dzina la situdiyo, ndiye ikayamba kuyenda pa WhatsApp n'kukafika kuwayilesi, mwiniwake saoneka. Lembani nokha musanajambule: mayina onse, gawo la aliyense pa 100, tsiku, ndipo aliyense asaine. Mgwirizane pomwepo ngati wojambula walipiridwa kamodzi basi kapena ali ndi gawo lake. Potuluka mutenge WAV (fayilo ya nyimbo yosapanikizidwa ngati MP3) ndi zidutswa zonse zojambulidwa pazokha pafulashi yanu. Kenaka kalembetseni nyimboyo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina lomwe lidayamba ntchito mu 1992, poti ndalama zochokera kumawayilesi amazigawa potsata mayina omwe adalembetsedwa. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza nyimbo moyo wonse wa wopeka ndi zaka zina 50 atamwalira, choncho nkhani ya umwiniyi idzakhudzanso ana anu, osati inu nokha.

China choti mutcherepo khutu: wojambulayu amakonda kuthira sebene, gawo lovinitsa la gitala, kumapeto kwa pafupifupi nyimbo iliyonse. Kaimbidwe kameneka n'kochokera ku rumba ya ku Congo, yomwenso idamera pa mambale a nyimbo za ku Cuba m'zaka za m'ma 1940, ndipo palibe angakuletseni kukagwiritsa ntchito. Koma kutengera ndendende kagawo ka gitala ka nyimbo ya munthu wina ndi mlandu, ndipo pano zimachitika popanda wofunsa. Mukamva kagawo kodziwika, muuzeni asinthe. N'chimodzimodzi kutenga nyimbo ya ngoma ya Angoni kapena ya chimtali n'kuivala mawu achikondi: maimbidwewo si anu, ndipo lamulo limaika nyimbo za makolo m'manja mwa boma. Polembetsa nenani kuti mwangoikonzanso.

Amene mwabwera ndi nyimbo yopekeratu komanso pepala lanu m'thumba, malowa akukwanirani. Ofuna kukapekera konko pamodzi ndi wojambula, kambiranani za magawo gitala isanatuluke m'chikwama.