Masabata atatu a ng'oma ndi zisudzo pa tchuthi: luso lilipo, dongosolo ndiye lavuta

Sukulu zitatsekera kumapeto kwa Julaye ndinali ndi ana awiri pakhomo, wanga wamkazi wa zaka 10 ndi mnyamata wa achemwali anga wa zaka 13 amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Balaka. Ine ndimalawirira ku ntchito n'kubwerako dzuwa litapendeka. Wanga uja ndi wamanyazi moti mlendo akalowa m'nyumba amakabisala kukhitchini, pomwe mnyamatayo ukangomusiya theka la ola umamupeza ali ndi foni m'manja. Ndiye mnzanga wina atatumiza pa WhatsApp chithunzi cha maphunziro a pa tchuthi a zisudzo, magule ndi ng'oma kuno ku Zomba, sindinaganize kawiri. Ndinalipira K40,000 pa mwana aliyense kudzera pa foni, ya masabata atatu, Lolemba mpaka Lachisanu. Ndikulemba izi kuti makolo anzanga amene akufunsa m'magulu mwathu adziwe chimene angapeze.

Aphunzitsi analipo atatu. Mayi wina wachitsikana wophunzitsa zisudzo, amene anati anachita maphunziro ake pa Chanco. Bambo wachikulire wa ng'oma, wochokera cha ku Dedza. Ndi mnyamata wa magule amene ana ankangomuitana kuti ankolo. Onse ndi anthu odyera lusoli, osati aphunzitsi a m'kalasi amene angopatsidwa phunziro la Expressive Arts chifukwa palibe wina woti alitenge. Kusiyanako kumaoneka tsiku loyamba lomwe.

Ndiyambe ndi bambo a ng'oma, chifukwa ndi amene anandigwira mtima. Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi sabata yoyamba kuti ndikaone ndi maso anga. Ndinapeza ana atazungulira kamoto ka zisononkho ndi mapesi kuseri kwa holo, ng'oma zitayedzamiritsidwa chapafupi. Bamboyo sanalole mwana aliyense kuimba ng'oma asanaphunzire kuiwamba. Ankaitembenuza pang'onopang'ono, kuigogoda ndi chala, n'kufunsa ana kuti, "Yalankhula kapena ikadali ndi chimfine?" Ana kuseka. Kenako anawaonetsa phula lomata pakati pa chikopa, kuwafotokozera kuti ndilo limalemeretsa mawu, ndi kuti ukaiyandikizitsa kumoto chikopa chimang'ambika, ntchito yonse n'kuthera pompo. Anawaphunzitsa maina: iyi mbalule, yotsogolera ndi kulankhula ndi miyendo ya wovina, iyi mpanje, yogwira mayendedwe osasuntha. Mnyamata wathu ankafuna mbalule tsiku lomwelo. Anamuuza kuti, "Mwanawe, khala pa mpanje sabata yonse. Amene sangasunge kugunda kumodzi sangatsogolere anzake." Anabwera kunyumba atakwiya, zikhato zitafiira. Sabata yachiwiri anali atayamba kudzuka yekha m'mamawa, n'kumagogoda chigubu cha madzi mpaka aneba kudandaula.

Panachitika kanthu kena kamene kanandipangitsa kuwalemekeza kwambiri bambowa. Bambo wina, kholo ngati ine, anafunsa pamaso pa tonse ngati ana adzavale zigoba n'kuvina Gule Wamkulu tsiku lotsekera, poti akuti alendo amakonda zimenezo ndipo zithunzi zimakongola. Iwo anayankha mofatsa kuti, "Bambo, zimenezo si zovala za sewero. Zili ndi eni ake ndi malo ake. Ine ndiwaphunzitsa kumva ng'oma ndi kulemekeza, koma za kudambwe sindingazibweretse mu holo muno." Anaonjeza kuti wofuna kuti ana aone zigoba ndi kumva tanthauzo lake awatengere ku Mua, ku Kungoni, kumene zinasungidwa mwadongosolo. Ndaonapo magulu ena akuveketsa ana a nazale zigoba za makatoni kuti asangalatse alendo olemekezeka, ndipo zimandinyansa. Guleyu analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2008, koma kutchuka kunja sikunamusandutse choseweretsa.

Ankolo a magule anaphunzitsa beni, chimtali ndi pang'ono tchopa. Beni ndiye anawakomera ana, chifukwa cha wezulo ndi kuguba kuja. Anawauza kuti guleyu anatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, n'chifukwa chake muli maudindo ndi kuchita sawasha, ndipo anasankha kamtsikana kakang'ono kwambiri kukhala mkulu wolamula. Kanali koseketsa, kakukuwa ndi mawu ngati a mwanapiye, anyamata akuluakulu n'kumamvera. Tchopa sanaipatse nthawi yokwanira. Anangoikhudza masiku awiri, ndipo mayi wina wa ku Phalombe amene anali nane pafupi ananong'ona kuti zimene akuvinazo kwawo sangazizindikire. Ine sindine Mlomwe, koma ndinaona kuti ankolowo mtima wawo uli pa beni ndi magule a masiku ano. Kukanakhala bwino kuphunzitsa awiri mozama kusiyana ndi kuthamangitsa atatu.

Tsopano mayi wa zisudzo. Sabata yonse yoyamba sanapatse ana pepala lililonse loti aloweze. Ine poyamba ndinadandaula, ndimvekere ndalama zanga zikupita pa masewera a chipako. Ankawayendetsa mu holo ngati nkhalamba, ngati munthu wosenza ndowa yodzadza, ngati kondakitala woitanira minibasi ya ku Limbe. Kenako ankawatulutsa kupita pa bwalo la mpira, mwana mmodzi pa golo iyi, anzake pa golo inayo, n'kumuuza kuti, "Agogo ako ali uko, samva bwino. Auze kuti nsima yapsa. Usakuwe ndi pakhosi, mawu achokere m'mimba." Wanga tsiku loyamba anangoima, misozi ili mbwembwembwe. Mayiyo sanamukakamize, sanamunyozenso. Anamupatsa ntchito yogwira ndodo yosonyeza woyenera kulankhula, moti kwa masiku atatu anali pakati pa bwalo, aliyense akumuyang'ana, koma osafunika kutsegula pakamwa. Tsiku lachinayi anapempha yekha kuti ayesere.

Sewero lotsekera ana analipeka okha. Mayiyo anawatuma kuti akafunse anthu kunyumba ndi pamjigo zimene zikuwasowetsa mtendere, n'kubweretsa nkhanizo. Ati ndi mmene amachitira akapita kumidzi ndi zisudzo zophunzitsa, njira imene gulu la zisudzo loyendayenda la pa Chancellor College linkagwiritsa ntchito kalekale: nkhani ichokere kwa eni ake, osati m'chikwama cha mphunzitsi. Ana anasankha nkhani ya mkangano wa pa mzere wa madzi. Wanga anandifunsa mafunso usiku wina mpaka ndinatopa, "Amayi, kodi anthu amayambana chifukwa cha ndowa kapena amakhala atayambana kale?" Sindinayembekezere funso lotero kwa mwana wa Sitandade 5.

Izi ndiye zokoma. Koma pajatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa chithunzi cholengeza analemba kuti kuyamba 8 koloko. Sabata yoyamba sanayambepo 9 isanakwane. Tsiku lina kiyi wa holo anali ndi munthu amene anapita kumaliro, tsiku lina munali msonkhano wa amayi umene palibe anaudziwa. Ana ankakhala panja, ndipo Ogasiti wa ku Zomba m'mawa kumazizira, mphepo ikutsika m'phiri ndi fumbi lake. Palibe wamkulu amene anapatsidwa udindo woyang'anira ana nthawi yodikirayo. Kwa kholo limene lasiya mwana pageti n'kuthamangira ku ntchito, ili si vuto laling'ono.

Lachitatu la sabata yachiwiri ndiye ndinapsa mtima. Uthenga unalowa pagulu la WhatsApp nthawi ili 7:40 woti lero kulibe maphunziro, aphunzitsi awiri apita kukachita sewero kumudzi ndi bungwe lina. Ana anga anali atakwera kale kabaza. Ndinachita kuimbira mlongo wanga kuti asiye geni yake kumsika akawatenge. Mawa lake ndinakakumana ndi mayi wa zisudzo uja. Sanazembe. Anati, "Mayi, tinalakwa, pepani. Koma ndikuuzeni zoona, ndalama ya tsiku limodzi limenelija ikuposa imene ndipeze kuno masabata atatu onse, tikachotsa ya holo ndi chakudya." Ndinamumvetsa, chifukwa ndikudziwa kuti azisudzo kuno amadya za lero lomwe, ntchito ikabwera sungaikane. Koma kumvetsa sikubweza tsiku. Analonjeza kuti adzabwezera Loweruka, ndipo anabwezeradi, ngakhale ana ambiri sanabwere poti ena amapemphera tsikulo. Chimene ndikanafuna ndi uthenga wa dzulo lake madzulo, basi.

Chakudya: analemba kuti "chakudya chamasana chilipo". Chimene chinalipo ndi thobwa ndi mandasi awiri, masiku ena mbatata yophika. Sindikunyoza mbatata, koma mwana amene wavina beni maola atatu amafuna nsima kapena mpunga. Kuyambira sabata yachiwiri ndinkawalongedzera kunyumba. Chimbudzi chinali chimodzi cha ana opitirira 40, anyamata ndi atsikana, ndipo madzi akasiya pampopi panalibe ngakhale ndowa yosambira m'manja mpaka makolo tinasonkha kugula. Dziko lino taona kolera, zimenezi siziyenera kuchita kukumbutsana.

Kusakaniza misinkhu nakonso kunavuta. Mwana wa zaka 6 ndi wa zaka 16 m'gulu limodzi, aphunzitsi atatu okha. Ang'onoang'ono ankatopa ikamakwana 11 n'kuyamba kulira kapena kuthamangathamanga, akuluakulu n'kumanyong'onyeka. Ng'oma zinalipo zisanu, ndiye ambiri ankaphunzirira pa zigubu ndi pa mabenchi, kudikira mpata. Ndipo kutatsala masiku anayi kuti atsekere, tinauzidwa kuti pakufunika K8,000 ina pa mwana ya chitenje ndi tisheti. Pa ana awiri, pakati pa mwezi. Akananena pachiyambi ndikanakonzekera, sindikanaona cholakwika.

Tsiku lotsekera linali Loweruka masana. Anabwereka zokuzira mawu, ndipo monga mwa masiku onse, sewero litangoyamba magetsi anathima. Makolo tinayamba kung'ung'udza, wina kumbuyo n'kuseka. Ndinayang'ana mayi wa zisudzo, ali chilili pambali, manja atapinda, osatekeseka. Wanga ndiye anali wotsegulira, atavala duku ndi chitenje changa chakale, ndodo m'manja ngati gogo. Anayang'ana maikolofoni yakufayo, anaiika pansi, n'kupita kutsogolo. "Padangotero!" Mawu anafika mpaka kukhomo kumene ndinaima. Holo yonse inayankha, "Tili tonse!" Ine sindinayankhe nawo, pakhosi panali patatseka. Mayi wa ku Phalombe uja ndi amene anandiimbira nthungululu. Sewero lonse linatha popanda magetsi, ndipo mawu a mwana aliyense ankamveka, kupatula kamnyamata kamodzi kamene kanaiwala mawu ake n'kungoti "Ndowa yanga!" katatu, anthu n'kugwa nako kuseka. Pa beni mnyamata wathu anali pa mpanje, nkhope ili gwa, osaphonya ngakhale kamodzi. Chakumapeto bambo aja anamukodola, n'kumusiyira mbalule kwa kanthawi kochepa. Achemwali anga ndinawatumizira kanema, anandiimbira akufunsa ngati ndi mwana wawo yemweyo.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zitatu ndi theka. Aphunzitsi paokha ndikanawapatsa zonse zisanu. Zimene zadya imodzi ndi theka yotsalayo ndi nthawi, chimbudzi ndi ndalama zotulukira mochedwa. Gululi likusowa munthu mmodzi woti asavine, asaimbe, angogwira kiyi, kaundula wa ana ndi foni. Ndinawauza zimenezi pamaso, ndipo ndinati ndikhoza kuonjezera ndalama pang'ono ngati ikupita kwa munthu wotereyo.

Kwa amene mukufuna kutumiza ana: funsani kuti mphunzitsi mmodzi ali ndi ana angati, ndani amalandira ana m'mawa, ndipo mtengo umene mwauzidwawo ukuphatikiza zovala za tsiku lotsekera kapena ayi. Mwana wosakwana zaka 8 ndingati adikire kaye, pokhapokha atagawa magulu. Muwapatse juzi, botolo la madzi ndi chakudya chenicheni. Nsapato zolimba n'zosafunika, amavina opanda nsapato.

Akuti pa tchuthi cha Disembala adzachitanso sabata imodzi. Wanga walembetsa kale m'mutu mwake, ndipo akuti ulendo uno akufuna kukhala kondakitala. Ndawauza aphunzitsiwo kuti ndilipira ndikaona ndondomeko yolembedwa, ya masiku ndi maola. Mnyamata anabwerera ku Balaka sabata yatha, atanyamula chigubu changa cha malita 20, ati ndi chokhacho chimene chimalira bwino.