Sefa ya spam inatsekera kunja makasitomala anga a ku Malawi

Shopu iyi ndikuipatsa nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za sefa yawo ya spam, pulogalamu yotchinga maimelo osafunika. Mnyamata wa pakauntala sindikumupatsa ngakhale imodzi.

Shopu ya makompyuta ija ya ku Braamfontein mu Johannesburg, kuno ku South Africa, ambiri a ife otumiza katundu kumudzi timaidziwa, ndi R250 yawo ya pamwezi ija yolipirira sefayo. Ndinapitako chifukwa imelo yanga inali itadzaza ndi za ngongole, za juga ndi zina zonyansa zosatchulika pano. Mnyamatayo anakonza mwachangu, osandifunsa n'komwe kuti ndimagwira ntchito yanji.

Osadziwa kuti waika malamulo awiri: imelo yochokera ku adiresi yothera ndi .mw, komanso iliyonse yosalembedwa m'Chingelezi, izipita ku quarantine, malo osungirako maimelo amene sefa yawakayikira. Chonsecho makasitomala anga ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo amandilembera m'Chichewa! Mayi ena a shopu ya zipangizo zomangira anatumiza oda ya matailosi ndi penti, kenako analembanso kufunsa tsiku lonyamuka. Ine kuno zii, ndikungoti bizinesi yazizira. Mmene amandipeza pa WhatsApp n'kuti atapereka kale ntchitoyo kwa wina, lole yake itadutsa pa Beitbridge. Ndalama za ulendo wonse zinapita choncho, ndipo mayiwo anatsala akuganiza kuti ndinawanyoza dala.

Nditabwerera kushopu, mnyamata uja akuti ndimayenera kumayang'ana mu quarantine. Ndiyang'ana bwanji poti password yake sanandipatse? Ngakhale uthenga wa tsiku ndi tsiku wosonyeza zomwe zagwidwa sanauyatse. Amandiyankha maso ali pafoni, ngati ndabwera kudzapemphetsa.

Koma ndisaname, sefayo payokha ndi yabwino. Abwana ake atachotsa malamulo awiri aja n'kuika makasitomala anga pa whitelist, mndandanda wa anthu amene maimelo awo satsekedwa, tinapeza mu quarantine momwemo imelo yonamizira SARS, bungwe lotolera misonkho la kuno, yoti ndili ndi ndalama zoti andibwezere, komanso invoice yabodza m'dzina la kampani imene ndimagulako matailosi, nambala ya akaunti ya kubanki itasinthidwa. Anandionetsa kuti inagwidwa chifukwa inalephera pa SPF ndi DKIM, zomwe zimatsimikiza ngati imelo yachokeradi kwa eni dzinalo. Imeneyo ikanafika kwa ine, ndikanalipira ndithu, chifukwa inkafanana ndi yeniyeni.

Makampani enieni a kuno ambiri amasiya kukutumizirani maimelo mukadina unsubscribe, poti lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu ku South Africa, lomwe aliyense anayamba kulitsatira mokakamizidwa pa 1 July 2021, limaletsa kutumiza zotsatsa malonda kwa munthu amene si kasitomala wako popanda chilolezo chake. Akuba lamulo alibe nalo ntchito, n'chifukwa chake R250 ija ndikulipirabe.

Mukapitako, muonane ndi abwanawo, muwauziretu kuti za .mw ndi za m'Chichewa asatseke, ndipo musatuluke pakhomo asanakupatseni password ya quarantine.