Tchaja ya Victron Blue Smart IP67 pa boti: ndi yabwino, koma muyeze kaye zosowa zanu

Nyengo ya mwera maboti ambiri a injini amatha masabata ali pamtunda, ndipo m'pamene mabatire ake amawonongeka. Batire la asidi lodzadza limawerenga 12.6V mpaka 12.7V. Likatsika pansi pa 12.4V n'kukhala choncho kwa masabata, mapuleti amkati amamera chikanga cholimba chomwe sichisungunukanso, ndipo mphamvu yotayikayo siibwerera. Kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Batire losiyidwa ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche mu Okutobala limadzitsitsa msanga kuposa la boti loimikidwa pakhomo kuno ku Mzuzu kozizira.

Tchaja yomangirira m'boti momwemo imathetsa vutoli, ndipo imene tikuiona pano ndi Blue Smart IP67 ya kampani ya ku Netherlands ya Victron Energy. Ya 12V imabwera m'misinkhu inayi, potengera ma ampu (A), muyeso wa mphamvu imene imathira m'batire: 7A, 13A, 17A ndi 25A.

Choyamba kuyamikira ndi thupi lake. Ndi la aluminiyamu, zipangizo zamkati anaziundira m'utomoni, ndipo ilibe fani yokoka chinyontho. IP67 ikutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo ikhoza kumira kwa kanthawi osawonongeka. Tchaja ya galimoto ya ngowe, imene ambiri amagula pamsika, imachita dzimbiri m'boti ndipo ina imangothira moto osaleka mpaka madzi a batire kuuma.

Ubwino wake weniweni uli pa katchajidwe. Imayamba ndi mphamvu yonse mpaka 14.4V, kenaka imatsikira pa 13.8V. Pakapita maola 24 batire lisanagwiritsidwe ntchito, imatsikanso pa 13.2V, n'kumalidzutsa polidzadzanso kamodzi pa sabata. Gawo lomalizali ndi limene mwini boti akulipirira, chifukwa batire losungidwa pa 13.8V miyezi itatu pamalo otentha limataya madzi ndipo mapuleti amadyeka. Zonsezi mumaziona pafoni kudzera pa Bluetooth ndi pulogalamu ya VictronConnect, momwenso mumasankha mtundu wa batire. Musalakwitse pamenepa: la lithiamu lili ndi kasankhidwe kake, ndipo kasankhidwe kotsitsimutsa batire lotopa n'ka mabatire a asidi okha.

Magetsi athu ndi a 230V, ndipo mtundu wake wa 230V umagwira ntchito kuyambira 180V mpaka 265V, zomwe zimathandiza madzulo magetsi akafooka. Akazima n'kubweranso, imayamba yokha popanda kudina kanthu. Poitanitsa kunja, onetsetsani kuti si ya 120V ya ku America, ndipo pemphani ya pulagi ya mano atatu yofanana ndi masoketi athu.

Msinkhu woyenera ndi wa ma ampu a pakati pa 10 ndi 20 peresenti ya kukula kwa batire, komwe kumayezedwa mu Ah (kuchuluka kwa mphamvu imene limasunga). La 100Ah lotsika ndi theka limafuna 50Ah ndi zina pang'ono zotayika panjira. Ya 7A idzatenga usiku wonse, ya 13A maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Kwa wongosunga batire loyatsira injini, ya 7A ndi yokwana. Kwa amene amayatsa nyale zokopera usipa usiku uliwonse, ya 13A kapena 17A ndiyo imamaliza magetsi asanazimenso.

Pomwe imakhumudwitsa ndi apa: imatchaja batire limodzi. Maboti ambiri ali ndi awiri, loyatsira injini ndi la nyale, pampu ndi wailesi. Kuwalumikiza pamodzi kuti tchaja imodzi iwakwanire n'kulakwitsa, chifukwa lofooka limayamwa lamphamvu. Mufunika matchaja awiri, kapena mtundu wa njira ziwiri monga NOCO GEN5X2, yomwe imapereka 5A ku batire lililonse. Imeneyo ndi yochedwa koma posungira chabe imakwanira. Komanso boti lokhala pa nangula ku Usisya kapena pagombe lopanda soketi silingapindule ndi tchaja iliyonse ya mtunduwu. Kumeneko yankho ndi sola yaing'ono yokhala ndi regyuleta, kachipangizo koletsa batire kudzadza mopitirira muyeso.

Poimanga, ikhale pamalo okwera pomwe madzi a pansi pa boti safika, pafupi ndi batire koma osati pamwamba pake, poti mpweya wa asidi umadya zitsulo. Imatentha ikamagwira ntchito, choncho musaiphimbe ndi ukonde kapena majekete. Waya wofiira ukhale ndi fyuzi pafupi ndi batire, ndipo musawonjezere waya wopyapyala, chifukwa tchaja imaona ngati batire ladzadza lisanadzadze. Mitu ya batire muipale, muimange zolimba, muipake girisi pang'ono.

Chenjezo lalikulu lili pa chingwe chochokera kumtunda. Magetsi akadontha m'madzi opanda mchere ngati a nyanja yathu, thupi la munthu limawadutsitsa bwino kuposa madziwo, ndipo wosambira pafupi akhoza kuuma minofu n'kumira. Soketi ikhale ndi waya wa nthaka komanso chodulira magetsi cha 30mA, ndipo ana asasambire pafupi ndi boti lolumikizidwa.

Pa batire la zitsekerero, tsegulanibe kamodzi pamwezi. Mapuleti akaonekera, thirani madzi a batire ogula m'botolo, osati a pampopi kapena a m'nyanja.